Pansi Pakubuula: Kulondola Mkokomo wa Usiku m'Mapulazi a ku Mashonaland

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Moni wapadera upite kwa inu a m'mapulazi a ku Mashonaland, kuyambira ku Karoi, Banket, Trelawney ndi Raffingora, kudzera ku Mvurwi, Concession ndi Glendale, mpaka ku Marondera ndi Macheke. Ndikunena inu amene agogo anu anabwera ndi Mthandizi, ena anachita kuyenda pansi kudutsa ku Tete, koma mpaka lero Chichewa ndicho mumadyera nsima m'nyumba mwanu. Lero tikambirana za phokoso lina lake lovuta kuligwira. Ndisanalongosole, tatcherani khutu.

(PHOKOSO: MKOKOMO WAPANSIPANSI, NGATI LOLE YOIMA PATALI INJINI IKULIRA. MASEKONDI 10)

WOULUTSA: Ena mwaumva. Ena simunamve kanthu, mwinanso mwagwedeza wailesi poganiza kuti mabatire atha. Nonse simunalakwe. Kawailesi kam'manja ndi foni sizitha kutulutsa bwino mawu otsika chonchi, ndipo ngakhale makutu a anthu awiri okhala pa mphasa imodzi samva mawu amenewa mofanana. Nkhani yathu yagona pomwepo.

Mu Juni chaka cha 2019 ndinalandira uthenga woti azakhali anga, mlongo wawo wa bambo anga, sakupeza bwino. Amakhala pa komboni ya pulazi lina la pakati pa Banket ndi Raffingora, m'kanyumba ka njerwa ndi malata kamene malemu amuna awo anapatsidwa adakali pantchito. Nditafika ndinawapeza ali pakhonde akuwothera dzuwa, maso ali psuu, nkhope itagwa. Malungo analibe, chifuwa analibe. Titapatsana moni anandigwira dzanja n'kunena chapansipansi kuti, "Mwana wa achimwene, pansi pano pakubuula. Usiku uliwonse. Ndikagona, kumangomveka ng'uuu, ng'uuu, mpaka m'mano. Papita milungu itatu tulo sindikutidziwa."

Chimene chinandiwawa kwambiri si kusowa tulo kwawoko ayi, koma zimene anthu anali atayamba kunong'onezana pa mjigo. Ena ankati malemu akudandaula chifukwa sanawamangire chiliza. Ena ankati mutu wa gogo wayamba kusokonekera. Enanso, ndipo awa ndiwo oopsa, ankati ngati akumva yekha ndiye kuti ndege ya usiku imatera kuseri kwa nyumba yake. Inu mukudziwa chimene mawu otere amachita kwa mayi wamasiye wokalamba, wopanda munda wakewake, wokhala pa malo a eni. Ana anali atasiya kale kudzapala moto pakhomo pawo.

Usiku woyamba ndinagona pa mpando pakati pa nyumba ndipo sindinamve kalikonse. Ndinangomva agalu ndi kadzidzi. M'mawa azakhali anandiyang'ana m'maso, ine ndinasowa chonena. Usiku wachiwiri ndinayala mphasa pakona, pafupi ndi kumutu kwa bedi lawo. Cha m'ma 10 koloko ndinaumva mkokomowo. Sunali phokoso loti n'kuloza ndi chala. Unali ngati wina wakhazika dzanja lolemera pachifuwa panga, n'kumakanikiza, n'kumasiya, n'kumakanikizanso. Nditatuluka panja unachepa. Nditabwerera pakona paja unabweranso.

Tsono tiyeni tione kaye kuti mawu n'chiyani, chifukwa popanda kudziwa zimenezi tingayende usiku wonse osapeza kanthu. Ikani chala pakhosi panu, muimbe mawu a besi monga amachitira abambo a kwaya. Mukumva kunjenjemera pa chalacho? Mawu aliwonse ndi kunjenjemera kumene kumayenda mu mpweya, m'madzi, m'nthaka kapena m'chitsulo ngati mafunde. Akatswiri amawerenga kuti chinthu chikunjenjemera kangati pa sekondi imodzi, ndipo muyezo wake amautcha Hertz, potengera dzina la katswiri wa ku Germany, Heinrich Hertz. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira pa 20 mpaka pafupifupi 20,000 pa sekondi. Wenzulo ya pa mpira ili m'masauzande. Mkokomo umene tikunenawu uli pansi penipeni, pakati pa 20 ndi 100, m'malire mwenimweni mwa kumva ndi kusamva.

Mawu amathamanga pafupifupi mamita 340 pa sekondi. Funde limodzi la mluzu wa 3,000 pa sekondi ndi lalifupi, masentimita 11 okha, lochepa kuposa mutu wanu. Likachokera kumanzere, mutu umalitchinga, khutu la kumanja limamva pang'ono, ndipo inu mumatembenuka n'kuloza molondola. Koma funde la mawu onjenjemera ka 50 pa sekondi ndi lalitali pafupifupi mamita 7. Funde lotere mutu wa munthu siliuona n'komwe. Limafika m'makutu onse awiri pafupifupi mofanana, limazungulira nyumba, limalowa pa khoma la njerwa, ndipo mpweya sulifooketsa msanga. N'chifukwa chake azakhali ankati likuchokera pansi, ine ndinkati likuchokera kudenga, ndipo mdzukulu wawo ankati likuchokera kumtsinje.

Zimenezi inu mumazidziwa kale, kungoti simunazipatse dzina. Gule akamavinidwa pa pulazi loyandikana nalo, inu muli pakhomo panu, mumamva chiyani? Nyimbo za amayi simuzimva, kuwomba m'manja simukumva, mbalule imamveka mwa apo ndi apo. Chimene chimakufikani bwinobwino ndi ng'oma yaikulu ija, du, du, du. Ndipo ndi angati mwa inu amene munanyamukapo usiku kulondola ng'oma, n'kupezeka mwalowera kolakwika, kudambwe kuli kumbuyo kwanu? Mawu ang'onoang'ono amafera m'njira, a besi ndiwo amafika patali, koma safika ndi adiresi.

Palinso nkhani ya nyengo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, usiku kumwamba kukakhala kopanda mitambo, nthaka imataya kutentha msanga. Mpweya wozizira umatsika n'kugona m'madambo, wofundirapo umakhala pamwamba pake. Mawu amathamanga kwambiri mu mpweya wofunda, choncho funde limene likanakwera kumwamba n'kutayika limapindika n'kubwerera pansi, ngati mwavundikira dera lonse ndi chivundikiro cha poto. Ndiye chifukwa chake m'bandakucha wa nthawi yachisanu mumamva malole a pa msewu wa Harare kupita ku Chirundu ngati akudutsa kuseri kwa bafa, chonsecho masana simuwamva. Onjezerani apo kuti usiku mathirakitala aima, ana agona, mphepo yadekha. Chimene chinabisika masana chimaonekera.

(NYIMBO YAIFUPI YA NG'OMA, KENAKA ITSIKE)

WOULUTSA: Ndiye ngati khutu silingatiuze kumene mkokomo ukuchokera, tigwire mtengo wanji? Yankho limene ine ndinaphunzira pa komboni ija ndi ili: musayambe ndi kufunsa kuti ukuchokera kuti. Yambani ndi kufunsa kuti ukuyamba nthawi yanji, ukuleka nthawi yanji. Wotchi ndi pensulo zimaposa makutu.

Koma choyambirira ndinafuna kutsimikiza kuti mkokomowo uli kunja, osati m'khutu mwa azakhali. Ndinawafunsa kuti, "Azakhali, paja munapita ku msonkhano wa amayi a mpingo ku Chinhoyi mwezi uno. Munagona masiku angati?" Anati awiri. "Nanga kumeneko munaumva?" Anaganiza pang'ono n'kuti, "Iyayi, kumene kuja ndinagona ngati mwana." Limenelo linali yankho lalikulu. Phokoso la m'khutu limakwera nawe basi, silitsala pakhomo. Kuonjezera apo, inenso ndinali nditaumva ndi makutu anga, pa malo amodzimodziwo, pa nthawi imodzimodziyo.

Kenaka tinatenga kope la sukulu, tinapatsa mdzukulu uja, mtsikana wa Giredi 6 wolemba mooneka bwino. Ntchito yake inali yolemba tsiku, nthawi imene agogo anena kuti wayamba, nthawi imene waleka, ngati kunja kuli mphepo kapena bata, ndi china chilichonse chimene waona. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinadekha masiku 12. Titayala kopelo pa tebulo, nkhani inayamba kudzilongosola yokha. Usiku uliwonse mkokomo unkayamba patangopita mphindi zochepa babu la pa shedi ya pulazi litayaka. Unkaleka m'bandakucha babulo likazima. Ndipo panali usiku uwiri umene mwanayo analemba kuti, "Agogo agona, magetsi sanabwere."

Mukukumbukira chaka chimenecho cha 2019. Madzi anali atachepa ku Kariba, ZESA inkazimitsa magetsi mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo m'madera ambiri ankabwera cha m'ma 10 koloko usiku n'kuchoka cha m'ma 5 m'mawa. Alimi a tirigu, amene amadzala mu Meyi n'kudalira mthirira nyengo yonse yachisanu, analibe kuchitira mwina koma kuthirira usiku. Ntchito imene kale inkachitika dzuwa likuswa mtengo, pakati pa phokoso la masana, inasamukira pa nthawi imene anthu amagona. M'nyumba mwa azakhali munalibe ngakhale waya umodzi wa magetsi, komabe tulo tawo tinkayendera ndondomeko ya ZESA.

Tsopano tinadziwa kuti tikufuna chinthu chodya magetsi. Woyamba kumuganizira anali thiransifoma ya pa mtengo pafupi ndi shedi. Magetsi a ku Zimbabwe, monganso a ku Malawi ndi Zambia, amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo chitsulo cha m'kati mwa thiransifoma chimafufuma ndi kunyala kawiri pa kusintha kulikonse. Motero thiransifoma imalira pa 100, mawu amodzi osasintha, ngati njuchi yaikulu. Tinaima chapatali n'kumvetsera. Inkaliradi, koma mawu ake anali okwererapo ndiponso osalala. Wa azakhali unali wotsika kuposa pamenepo, ndipo unkakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, ngati munthu wodwala akupuma.

Kukwera ndi kutsika kumeneko ndi chizindikiro chofunika kwambiri, ndipo ndikufuna muchisunge. Tamverani.

(PHOKOSO: MAWU AMODZI OTSIKA OSASINTHA. KENAKA AWIRI OYANDIKANA, OMVEKA WUU-WUU-WUU)

WOULUTSA: Poyamba paja munamva makina amodzi. Kachiwiri munamva makina awiri othamanga pafupifupi mofanana, koma osafanana ndendende. Mafunde awo nthawi ina amakwera limodzi, phokoso limakula. Kanthawi pang'ono amasemphana, limodzi likukwera linzake likutsika, phokoso limachepa. Oimba kwaya amazidziwa: abambo awiri a besi akasiyana pang'ono chabe, mawu amayamba kugwedera. Choncho mkokomo wogunda ngati mtima wa ng'ombe kawirikawiri umatanthauza kuti pali makina awiri apachibale akugwira ntchito nthawi imodzi. Mafani awiri, majenereta awiri, kapena mapampu awiri.

Apa ndiime kaye ndikuchenjezeni, ndipo ndikunena ndi mtima wonse. Musayende nokha usiku kukazungulira mathiransifoma, mapampu kapena mashedi. M'mapulazi muno akuba mafuta a thiransifoma ndi mawaya a kopa avutitsa anthu kwambiri, ndipo mlonda akaona tochi ikuyendayenda pafupi ndi pampu safunsa kuti mukufufuza za sayansi. Uzani folomani masana, pitani ndi mlonda, ndipo musakhudze waya kapena bokosi la magetsi. Thiransifoma ikamathetheka, ikamadontha mafuta kapena kununkha chopsa, imeneyo ndi ntchito ya a ZETDC, kampani yogawa magetsi, osati yanu.

Ife tinapita ndi mlonda wa pulazilo, bambo wachikulire wochokera ku banja la ku Dedza ngakhale iye anabadwira ku Mhangura. Nditamulongosolera anati, "Achimwene, mukanandifunsa kale. Paipi yaikulu yochokera kudamu imadutsa pansi kuseri kwa nyumba ya amayiwa. Ndinakumba nawo ngalande yake ndili mnyamata." Anatitengera pamalo pamene paipiyo imatulukira pamtunda powoloka kakhwawa, mapazi owerengeka kuchokera pa khoma la azakhali. Ndinatenga mpini wa khasu, mbali ina ndinagunditsa pa paipi, mbali ina ndinatsamiritsa pa fupa la kuseri kwa khutu, monga amachitira amakaniko pomvetsera injini. Omvera, zinali ngati ndalowetsa mutu m'ng'oma. Wuu, wuu, wuu, mkokomo womwe uja. Tinakhazika mbale ya madzi pa paipiyo n'kuunika ndi tochi, ndipo pamwamba pa madzi panali timizere tonjenjemera, tikuwirira n'kuphwa, tikuwirira n'kuphwa. Mdzukulu uja anafuula kuti, "Agogo, bwerani mudzaone phokoso lanu!"

Tinatsata paipiyo mtunda woposa kilomita mpaka kudamu. M'kanyumba ka pampu munali mapampu awiri akulira limodzi. Pa kachitsulo kolembedwa ka mota iliyonse panaoneka kuti imazungulira pafupifupi ka 2,900 pa mphindi. Gawani ndi 60, mupeza ka 48 pa sekondi. Pampu imodzi inali itamasuka mabauti, mphira za pansi pake zitadyeka, moti inkavina pa simenti n'kumatumiza kunjenjemera konse m'paipi yachitsulo.

Komabe kupeza makina olira si umboni wokwanira. Pa pulazi pali zolira zambiri, ndipo munthu wotopa amafulumira kuloza chala choyamba kuchiona. Choncho tinapempha folomani kuti usiku wotsatira azimitse mapampuwo mphindi 10, pa nthawi imene iye yekha asankhe, osatiuza. Azakhali anagona pa bedi lawo, mwana ali pambali ndi kope ndi foni yoonera nthawi. Pakati pa usiku gogo anadzuka n'kuti, "Lemba. Kwati zii." M'mawa titayerekeza ndi nthawi imene folomani analemba pa chikhatho chake, zinagwirizana. Ndinaona azakhali akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Sanali kulira chifukwa cha pampu. Anali kulira chifukwa tsopano panali pepala lotsimikiza kuti sanapenge ndipo sanatambe.

Funso limene anthu a pa mjigo anatsala nalo linali lakuti, nanga bwanji iwo okha? Ndinatenga chingwe n'kuyeza chipinda chawo: mamita atatu ndi theka kuchoka khoma kufika khoma. Funde la 48 pa sekondi ndi lalitali pafupifupi mamita 7, ndiye theka lake limakwana ndendende m'chipindacho. Zikatero funde limagunda khoma ili, kubwerera, kugunda linalo, n'kumadziwonjezera mphamvu, monga botolo limalirira mukauzira pakamwa pake. M'chipinda chotere phokoso limakula kwambiri m'mbali mwa makoma ndi m'makona, ndipo limachepa pakatikati. Bedi la azakhali linali pakona, mutu kukhoma loyang'ana paipi. Ine usiku woyamba uja ndinali pakati pa nyumba, pamalo pamene mafunde amafafanizana. Anansi awo nyumba zawo zinali za misinkhu ina, zotalikirana ndi paipi, ndipo ambiri ndi anyamata obwera kumunda atatheratu, ogona ngati chipika. Tulo ta munthu wamkulu n'topepuka.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Musaganize kuti zoterezi zimavuta ife a m'makomboni tokha. Mumzinda wa Windsor ku Canada, anthu anayamba kudandaula mu 2011 za mkokomo umene unkanjenjemeretsa mawindo usiku. Boma linatumiza akatswiri, ndipo gulu lotsogozedwa ndi Colin Novak wa ku University of Windsor linatchera zida zomvetsera m'malo osiyanasiyana. Lipoti la mu 2014 linaloza ku Zug Island, chilumba cha mafakitale a zitsulo chimene chili tsidya lina la mtsinje wa Detroit, m'dziko la America. Mawuwo anali a pafupifupi 35 pa sekondi. Koma popeza chilumbacho chili m'dziko la eni, ofufuzawo sanathe kulowa kuti akagwire makina enieniwo, kapena kupempha kuti awazimitse monga tinachitira ife ndi folomani. Umboni unadzabwera wokha mu 2020, pamene kampani ya US Steel inazimitsa ng'anjo zake zosungunulira chitsulo pa chilumbacho, ndipo mkokomo unatha. Anthu anavutika zaka 9.

Ku Kokomo, m'chigawo cha Indiana ku America, kafukufuku wa mu 2003 anapeza magwero awiri: fani yaikulu yoziziritsira madzi pa fakitale ina, yolira pa 36, ndi makina opopa mpweya pa fakitale ina, olira pa 10. Atakonza zonsezi phokoso linachepa, ngakhale anthu ena anapitirizabe kudandaula. Ndipo ku Sausalito, ku California, m'zaka za m'ma 1980, anthu okhala m'nyumba zoyandama pa madzi ankasowa tulo nyengo yotentha iliyonse. Anaganizira mapampu a zimbudzi, anaganizira zida za asilikali. Mapeto ake anapeza kuti ndi nsomba, zamphongo, zimene zimang'ung'udza usiku wonse poitana zazikazi, mawu ake n'kumalowa m'matabwa a nyumbazo.

Nkhani ya nsombayi imandikumbutsa kuti si makina okha amene ali ndi besi. Amene munakulira kufupi ndi tchire mukudziwa kulira kwa nang'omba m'mamawa, kumene kumamveka patali ngati ng'oma. Njuchi zikamanga m'denga kapena m'khoma zimang'ung'udza usiku wonse. Ndipo mu 1984 mayi wina wofufuza za nyama, Katy Payne, ataima pafupi ndi njovu kumalo osungira nyama ku Portland, anamva mpweya ukugunda m'chifuwa mwake popanda phokoso lomveka. Pofufuza anapeza kuti njovu zimayankhulana ndi mawu otsika kuposa amene khutu lathu limamva, ofika makilomita angapo. Pambuyo pake anadzapitiriza kafukufukuyu konkuno ku Zimbabwe, ku Sengwa.

Koma ndikhala wosakhulupirika ndikakuuzani kuti mkokomo uliwonse uli ndi pampu yake. Ku Taos, m'chigawo cha New Mexico, akatswiri a ku yunivesite ndi a m'malabotale akuluakulu a boma la America anafufuza mu 1993 ndi zida zapamwamba. Pafupifupi anthu awiri pa 100 alionse ankati akuumva, koma zidazo sizinapeze gwero lake. Khutu lenilenilo limatha kupanga phokoso lake. Choncho ngati mkokomo wanu ukukutsatirani ku Harare, ku Lilongwe, kulikonse kumene mwagona, ndipo palibe wina akuumva ngakhale atagona pamalo panu, pitani kuchipatala. Ngati ukugunda limodzi ndi mtima wanu, kayezetseni kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwake, chifukwa BP ndi kuchepa kwa magazi zimachita zimenezi. Mankhwala ena, monga kwinini, amaliza m'makutu. Zaka zambiri za pa chigayo, pa thirakitala kapena mu mgodi popanda zotseka m'makutu zimasiyanso kulira kosatha. Ngati ndi khutu limodzi lokha, kapena pali chizungulire, musachedwe. Ndipo chonde musathiremo mafuta, musatokose ndi nthenga kapena kamtengo ka machesi. Munthu wotereyu nayenso sakunama. Akumvadi, kungoti gwero lili m'thupi mwake.

Kwa inu amene kope lanu laonetsa kuti phokoso lili kunja, yang'anani kalendala ya pulazi. Mkokomo woyamba cha mu Disembala n'kutha cha mu Epulo, wolira usana ndi usiku kwa sabata yathunthu, kaufuneni ku mabalani a fodya, makamaka amakono aja okhala ndi mafani okankha mpweya wotentha. Wa miyezi yachisanu, kaufuneni kudamu ndi ku mthirira wa tirigu. Ukamayamba magetsi akangozima, ndiye jenereta: yaikulu ya dizilo nthawi zambiri imazungulira ka 1,500 pa mphindi, kutanthauza ka 25 pa sekondi, ndipo besi yake imayenda mtunda wautali. A kufupi ndi migodi ya ku Bindura, Shamva ndi m'mbali mwa Great Dyke, kumbukirani zigayo za miyala ndi mafani opopera mpweya pansi pa mgodi, amene sapuma chaka chonse. Amene muli ndi foni zamakono mutha kuikamo pulogalamu yoonetsa mawu ngati mizere. Maikolofoni ya foni ndi yofooka pa mawu otsika kwambiri, komabe mukayandikira gwero mzere umaoneka, ndipo nambala yake ikafanana ndi ya m'nyumba mwanu, mwagwira mchira. Mukapita kukadandaula, kaya kwa mwini makina, kwa khansala kapena ku EMA, bungwe loona za chilengedwe, nyamulani kope lija. Munthu wobwera ndi masiku ndi maola olembedwa amamvedwa mosiyana ndi wongonena kuti sindigona.

Pa pulazi lija ntchito yokonza sinatenge ngakhale tsiku. Makaniko anamanga mabauti, anadula zidutswa za tayala lakale la thirakitala n'kuziika pansi pa pampu, ndipo pakati pa pampu ndi paipi yachitsulo anaikapo kachigawo ka paipi ya mphira kuti kunjenjemera kuzithera pomwepo. Ife kunyumba tinakoka bedi kulichotsa pakona, miyendo yake tinaikhazika pa zidutswa za tayala lomwelo. Mkokomo sunatheretu. Usiku wa bata, ukatchera khutu pakhoma, umaumvabe chapatali. Koma azakhali anagona mpaka dzuwa kutuluka, ndipo amene anawadzutsa anali mwana wa anansi, atagwira phale m'manja, akuti amayi andituma ndidzapale moto.

Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakambirana za makutu a anthu ogwira ntchito pa chigayo ndi m'mabalani, ndi njira zotsika mtengo zowatetezera. Amene muli ndi mkokomo wanu, yambani kulemba usiku uno: tsiku, nthawi, mphepo, ndiponso ngati magetsi alipo. Tsalani bwino, mugone bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)